Ulendo wa ku Nampula ndi ku Cisumbu ca Mozambique

Abale athu atsogoleri a makalasi, akulu akale anati mwana wosayenda amayesa amake okha ndiwo adziwa kuphika. Ife a kuno ku Malowera tikamva za Nampula timaona ngati ndi dziko la eni, pakuti ulendo wake ngwa masiku angapo: kutsikira ku Fingoé ndi ku Tete, kudutsa m'Malawi, kuloweranso m'dziko lathu pa Milange, kenaka Mocuba, ndipo pomaliza Nampula. Koma titayendera malo akale a kumeneko tinapeza kuti mbiri ya kumpoto ndi mbiri yathu ya ku Maravia n'zolumikizana, ngakhale kuti nyumba zosungiramo zinthu zakale sizinena zambiri za ife. Tiyeni tiyendere limodzi malowa.

Nampula ndiwo mzinda waukulu koposa kumpoto kwa Mozambique, ndipo anthu amaucha likulu la kumpoto. Si mzinda wakale kwenikweni ai. Unakula cifukwa ca asirikari a Cipwitikizi ndi njanji, ndipo unalandira dzina loti mzinda m'caka ca 1956. M'caka comweco anatsegula chalichi cacikulu ca Akatolika ca Nossa Senhora de Fátima, ca nsanja ziwiri zooneka patali, ndiponso nyumba yosungiramo zinthu zakale imene lero ichedwa Museu Nacional de Etnologia.

M'nyumba imeneyi muli zipangizo za Amakua ndi Amakonde: miphika, madengu, ng'oma, zida zosakira nyama, ndi zigoba za kumaso za gule wa Amakonde wochedwa mapiko. Mcewa ali yense akaona zigobazi sangalephere kukumbuka zinyau za kwathu. Kuseri kwa nyumbayi amisiri a Cimakonde amasema mitengo yakuda, anthu n'kumaonerera. Cimene tinazindikira n'cakuti zinthu zimene atsamunda anasonkhanitsa anazilemba dzina la mtundu ndi dera, koma kawirikawiri osati dzina la mai amene anaumba mphikawo kapena bambo amene anasema ng'omayo.

Kucoka ku Nampula kupita kummawa, mtunda wa makilomita ngati 180, mseu umathera kunyanja ya mcere. Pamenepo pali ulalo wopapatiza wopitirira makilomita 3, womangidwa m'zaka za m'ma 1960, umene umakafika pa Ilha de Moçambique, ndiko kunena Cisumbu ca Mozambique. Cisumbuci n'cacing'ono, makilomita 3 okha m'litali, moti munthu angaciyende conse m'mawa umodzi. Komabe ndico cinapatsa dzina dziko lathu lonse, ndipo cinali likulu la atsamunda kufikira 1898, pamene boma linasamukira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo. M'caka ca 1991 bungwe la UNESCO linaciika m'kaundula wa malo a mbiri ofunika pa dziko lonse.

Vasco da Gama atafika pano mu 1498 anapeza kale amalonda a Cisilamu ndi ngalawa zao. Apwitikizi anakhazikika mu 1507. Kunsonga ya kumpoto kwa cisumbu kuli kacisi wamng'ono wa Nossa Senhora do Baluarte, wa caka ca 1522, amene amawerengedwa kuti ndiye nyumba yakale koposa ya Azungu imene ikali ciriri kummwera kwa dziko lapansi. Pafupi pake pali linga la São Sebastião, limene anayamba kumanga mu 1558 ndipo nchito yake inatenga zaka makumi ambiri. M'kati mwake muli citsime cacikulu cosungira madzi a mvula ocokera pa madenga, pakuti pa cisumbupo madzi akumwa ngosowa. Adachi analizinga lingali mu 1607 ndi mu 1608, koma analephera kulilanda.

Pakati pa mzinda wa miyala pali nyumba yofiira ya São Paulo. Anaimanga ansembe a Cijezuiti mu 1610 kuti ikhale sukulu, ndipo iwo atathamangitsidwa mu 1759 inasanduka nyumba ya bwanamkubwa. Lero alendo amalowamo kukaona mipando ndi makama osema a ku Goa, mbale za ku China ndi katundu wa ku Portugal. Pansi pake pali zinthu zobvuulidwa m'zombo zomira. Kutsogolo kwake kwaima cifanizo ca Vasco da Gama.

Tsono funso limene tinadzifunsa ndi ili: kodi cuma cogulira zonsezi cinacokera kuti? Apa m'pamene mbiri yathu ilowera. Dzina loti Maravia licokera kwa Amaravi, makolo a Acewa, Anyanja ndi Amang'anja, amene mafumu ao akulu anali Kalonga, Undi ndi Lundu. Undi anali ndi likulu lake ku Mano, kuno kumpoto kwa Zambezi. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda pansi kucokera ku Tete kufikira ku Kilwa, ndipo panjira anacerezedwa ndi mfumu ya Amaravi, Muzura. Mu 1667 wansembe Manuel Barreto analemba kuti ulamuliro wa Kalonga unafika kufikira kugombe loyang'anana ndi Cisumbu ca Mozambique. Mwamva? Malo amene ife tiwayesa acilendo, mafumu athu anali ndi mau kumeneko zaka zoposa 350 zapitazo.

Minyanga ya njobvu zophedwa m'nkhalango za Amaravi inkasenzedwa pamutu kupita kugombe. M'zaka za m'ma 1700 Ayao ndiwo anali patsogolo pa malondawa, kufikitsa minyanga ku Mossuril, tsidya lino la cisumbu, ndi kubwerako ndi nsalu za ku India ndi mikanda. Pambuyo pake malonda anatembenukira pa anthu. Akapolo ogwidwa kumtunda, pakati pao Amakua, Ayao ndi Amaravi, ankakwezedwa m'zombo kupita ku Mauritius, ku Réunion, ku Brazil ndi ku Cuba. Boma la Portugal linaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma malondawo anapitirirabe mobisa zaka zambiri. Pa cisumbupo pali bwalo lochedwa Jardim da Memória, lotsegulidwa mu 2007, lokumbukira anthu amenewa. Munthu akaima pamenepo, kuyang'ana khomo loloza kunyanja, mtima umawawa ndithu.

Cisumbu comwe cimaonetsa kusiyanaku. Kumpoto kuli nyumba za miyala ndi njereza. Kummwera kuli mudzi wa makuti, wa nyumba zofolera masamba a ngole, kumene kukhala anthu ambiri. Mbali zina za mudziwu ziri m'munsi mwa mseu, cifukwa ndiko anakumbako miyala yomangira nyumba za akulu aja. Amene anaphwanya miyalayo ndi kuisenza maina ao sanalembedwe pa khoma liri lonse.

Sitikunena kuti malowa ngopanda pace. Amene angathe kupitako apite, aone ndi maso, afunse mafunso kwa oonetsa alendo. Koma adziwe kuti akaona theka la nkhani, theka la ogula ndi olamula. Theka linalo liri kuno kwathu, m'mitu ya agogo ndi anyakwawa: njira zimene amalonda ankadzera, midzi imene inathawa, mapiri amene anthu ankabisalamo, ndi cifukwa cace Undi anawolokera ku Katete m'dziko la Zambia m'zaka za m'ma 1930, kumene mwambo wa Kulamba ucitikira caka ndi caka ku Mkaika.

Conco tikupemphani, abale, kuti m'mudzi mwanu mupeze nkhalamba imodzi kapena ziwiri, mukhale nazo pansi mwaulemu, mufunse za malonda a minyanga, za ukapolo ndi za cibalo. Lembani dzina la wonenayo, mudzi wace ndi tsiku, kuti tisabwereze cija tinaciona ku Nampula. Mau a akulu akoma akagonera, koma akulu enieniwo akutha caka ndi caka.