Msitu

Liwu lakuti msitu makolo athu sankalitchula mwachisawawa, pakuti si malo onse a mitengo amene ayenera dzinali. Tchire la miombo ndi misuku, lomwe limayoyola masamba m'chilimwe ndi kupsa ndi lupsa, limenelo ndi thengo chabe. Koma msitu ndiwo mitengo yothithikana yosafota chaka chonse, yolukana ndi zilambe, kumene dzuwa lifika pansi mopempha ndipo moto uzima pakhomo.

Munthu woima pa gombe la Ngara m'boma la Karonga, pamene asodzi ayanika usipa, akatembenuka kuyang'ana chakumadzulo aona mapiri a Nyika, amene Boma lidawapatula kukhala malo otetezedwa m'chaka cha 1965. Mphepo yochokera kunyanja ikakwera zitunda zimenezo, isanduka nkhungu ndi mvula, ndipo m'makwawa momwe chinyezi chikhalitsa ndimo mumera misitu yeniyeni, mitengo ya mitundumitundu yosanganikirana monga mafuko pa tsiku la msika: kumunsi mbawa, mikundi ndi mikuyu, kumtunda kozizira ina yosadziwika kuchigwa. Komweko ndiko uchokera mtsinje wa Wovwe, umene upukusa makina a magetsi ndi kuthirira mpunga usanalowe m'nyanja, popeza madzi saiwala khwawa.

Achewa amatchulanso msitu nkhalango ya kumanda, kumene nkhwangwa siloledwa popanda chilolezo cha mfumu. Ndipo m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati mitengo yakale yatsalira kumeneko kokha.