Nyale ya kumbuyo ndiyo gwero la mitundu yabwino pa kanema wa LCD

Mawailesi a kanema opyapyala a LCD, amene afala m'nyumba za m'tauni ya Kafue, amadalira nyale yokhala kumbuyo kwa galasi. Timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu ta pagalasipo sitiwala tokha, koma timangotsekula kapena kutseka njira ya kuwalako. Nyaleyo ikawala mopitirira, cakuda cimatuwa ndipo mitundu imasuluka.

Poyamba makampani anali kuika nyale za macubu zocedwa CCFL. M'caka ca 2004, kampani ya Sony inatulutsa kanema wa Qualia 005 wounikiridwa ndi nyale za LED zofiira, zobiriwira ndi zabuluu, ndipo mitundu inayamba kuoneka yokhwima. Pambuyo pake kunabwera njira ya local dimming, imene imagawa nyalezi m'magulu. Gulu lililonse limawala kapena kuzilala malinga ndi cithunzi, motero thambo la usiku limada bii pamene mwezi uli mbee.

Nyale yomweyi ndiyo imadya magetsi ambiri m'kanema. Pa cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba ndi mumtsinje wa Kafue, magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku, ndipo mabanja ena anadalira mabatire ndi sola. Kwa oonera otere, kutsitsa mlingo wa Backlight usiku kumasunga batire ndi kudetsa bwino cakuda. Masana, m'cipinda cowala, mlingowo uyenera kukwezedwa kuti mitundu isabisike.