Mitundu ya nambala zosagawika

Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Kabwata akakhala ndi tomato 18 amaunjika milu yofanana mosavuta: iwiri, itatu, isanu ndi umodzi. Akakhala ndi 17, mmodzi kapena angapo amatsala nthawi zonse, pokhapokha aunjike mulu umodzi kapena ayale mmodzimmodzi. Nambala yotere, imene imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, m'kalasi amaitcha prime. Katswiri wa masamu Euclid anatsimikizira zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti nambalazi zilibe malire.

Akatswiri a masamu anazigawa m'mitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi lamulo lake lozindikirira nambala zake. Pali zamapasa, zosiyana ndi 2 basi, monga 17 ndi 19, kapena zaka zikubwerazi, 2027 ndi 2029. Kaya mapasawa ali ndi mapeto, palibe amene watsimikizira mpaka lero. Pali zotchedwa za Sophie Germain: chulukitsani 11 ndi 2, onjezani 1, mupeza 23, nayonso yosagawika.

Zotchuka kwambiri ndi za Mersenne, dzina la wansembe wa ku France wa m'zaka za m'ma 1600. Mumachulukitsa 2 ndi 2 mobwerezabwereza, kenako n'kuchotsa 1. Kasanu kamapereka 32, kuchotsa 1 kutsala 31. Mtundu uwu uli ndi njira yake yachidule yoyesera, ya Lucas ndi Lehmer, n'chifukwa chake nambala zikuluzikulu zodziwika zimachokera kuno. Mu Okutobala 2024, Luke Durant wa gulu la GIMPS, lofufuza nambalazi, anapeza ina yochulukitsa 2 maulendo 136,279,841. Ili ndi manambala 41,024,320 kuyilemba.

Koma chimphona chimenechi sichingatetezere ndalama za munthu, chifukwa aliyense akuchidziwa. Zimene zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku mu Lusaka ndi zina, zobisika, za manambala oposa 100. Mukalowetsa khadi la banki m'kamakina pa sitolo ku Woodlands kapena ku Cairo Road, chipu cha pa khadilo chimadzitsimikizira ndi njira ya RSA, imene Rivest, Shamir ndi Adleman anatulukira mu 1977. Nambala ziwiri zosagawika amazichulukitsa. Zotsatira zake n'zosabisa, koma kubwerera m'mbuyo kuti mupeze ziwiri zija kumalepheretsa ngakhale makompyuta amphamvu. Makhadiwa amagwiritsanso ntchito 3 kapena 65,537, zonse za mtundu wa Fermat, umene tikudziwamo zisanu zokha.

Zimandiwawa kuti mwana wa ku Chelstone amaloweza 2, 3, 5, 7 pokonzekera mayeso, wina osamuuza kuti khadi la amayi ake limadalira zomwezo. Aphunzitsi atamamufotokozera zimenezi, ana ambiri akanafuna kukaphunzira masamu ku yunivesite ya UNZA, pa Great East Road pomwepa.