Holo Inali Kudzala, Nanga Ndalama Zinali Kupita Kuti?

Acinyamata ambili a m'makomboni anadziwila Zamrock pa YouTube, anthu akunja atayamba kuitamanda. Nkhani imene timamva ndi ya magitala olila ndi maholo odzala m'zaka za m'ma 1970. Nkhani ya ndalama sikambidwa kawili-kawili, koma ndiyo ifotokoza cifukwa cake mabandi amene anagwedeza dziko lonse anazimilila m'zaka zocepa cabe.

Zamrock inakula ndi malipilo a m'migodi. Dziko litalandila ufulu mu 1964, kopa ndiye anali kubweletsa pafupifupi ndalama zonse zakunja. Kumapeto kwa mwezi, wanchito wa ku Kitwe, Chingola kapena Mufulira anali ndi kwaca yotsala m'thumba, ndipo anali kuisiya pakhomo la kilabu kapena la holo ya komboni. Mabandi monga WITCH ndi Amanaz a ku Kitwe, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anali kudalila munthu ameneyo. Iye akafola, bandi nayo inali kudya.

Ngakhale m'zaka zabwinozo, masamu a bandi anali owawa. Gitala ya magetsi, ng'oma ndi amplifaya zinali kucokela kunja, ndipo mabandi ambili analibe zawozawo. Zinali za manijala kapena za mwini hotela. Ndalama za pakhomo zikawelengedwa, woyamba kutenga anali mwini zida. Kenako panali mwini holo, mwini galimoto yonyamula katundu, mafuta, mapepala olengeza, cakudya ndi malo ogona. Zotsala ndiye zinali kugawidwa pakati pa anyamata asanu kapena asanu ndi mmodzi amene anatuluka thukuta usiku wonse. Mvula ikagwa anthu n'kusabwela, ngongole zonsezo zinali kukhalapo ndithu. Amene anasankha kukhazikika pa hotela imodzi anali ndi malipilo odalilika, koma anali kuimba zimene alendo afuna, ndipo tsiku locotsedwa nchito anali kutuluka cimanjamanja.

Malekodi naonso sanali njila yacidule. WITCH inajambula cimbale cake coyamba, Introduction, ku situdiyo ya Malachite ku Chingola, koma cinakadindidwa ku Nairobi, ndipo oimbawo anali kucigulitsa okha kumene anali kukaimba. Zinthu zinapepukako pamene kampani ya Teal ku Ndola ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo zinayamba kutulutsa nyimbo za kuno. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za oimba a m'Zambia. Mu 1975 munatuluka Lazy Bones!! ya WITCH ndi Africa ya Amanaz. Wailesi inakweza maina, koma nsima ya tsiku ndi tsiku inali kucokelabe pakhomo la holo.

Khomo limenelo linayamba kutsekeka pang'onopang'ono. Mu 1973 mtengo wa mafuta unakwela pa dziko lonse, ndipo malile ndi Rhodesia anatsekedwa. Pofika mu 1975 mtengo wa kopa unali utagwa. Ndalama zakunja zinasowa, motelo ngakhale nsambo za gitala zinavuta kupeza m'masitolo. Munthu amene wacezela pa mzele wa unga, sopo ndi saladi saganizila za tikiti ya dansi.

Pamwamba pa njala panabwela nkhondo. Popeza Zambia inali kusunga omenyela ufulu wa maiko oyandikana nayo, ndeke za Rhodesia zinaponya mabomba pa kampu ya Chikumbi pafupi ndi Lusaka mu October 1978. M'nyengo imeneyo boma linali kuletsa anthu kuyenda usiku ndi kulamula kuti magetsi azizimitsidwa. Kwa woimba, usiku ndiwo munda wake. Mabandi anayesa kuimba masana, koma khamu la masana silimwa kapena kulipila monga la usiku. Eni mabala nawo anaona kuti disiko ndi yochipa: munthu mmodzi ndi malekodi ake anali kugwila nchito ya anthu asanu ndi mmodzi. Makaseti okopa mwakuba anadya phindu la malekodi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 matenda a Edzi anatenga oimba ambili a m'badwo umenewo.

Emmanuel "Jagari" Chanda, mtsogoleli wa WITCH, anasiya siteji n'kukhala mphunzitsi, ndipo pambuyo pake anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali. Dzina lake linamvekanso pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012. Filimu yonena za gululo inatuluka mu 2019, ndipo cimbale catsopano, Zango, mu 2023. Anzake amene anayamba nawo sanakhale ndi moyo kuti aone zimenezi. Rikki Ililonga anasunga matepi oyambilila a nyimbo zake, ndipo anam'thandiza pamene ogula akunja anafika. Matepi a mabandi ena ambili anatayika.

Woimba wa lelo ku Matero, Kanyama kapena Chamboli sanyamula ng'oma pa lole, koma masamu ake ndi amodzimodzi. Alipila situdiyo, abweleka zokuzila mau, akwela basi kupita ku Chipata kapena ku Solwezi, ndipo wokonza phwando amuuza kuti malipilo ake ndi kudziwika. Mu 2020, mabala atatsekedwa cifukwa ca Covid-19, zinaonekelanso kuti woimba amene adalila khomo lokha amagona ndi njala khomolo likatsekedwa.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Musanakwele basi, gwilizanani mtengo ndipo ulembedwe. Funsani kuti ndani adzawelenga ndalama za pakhomo. Lembetsani nyimbo zanu ku ZAMCOPS, ndipo mafaelo oyambilila a zimene mwajambula asakhale pa kompyuta ya mwini situdiyo yekha. Nanunso omvela, mukapita kukaona woimba wa m'komboni mwanu, lipilani pakhomo m'malo mopempha kulowa mahala.