Mbiri ya Mayendedwe a Anthu pa Kameza

Kameza ndi mphambano ya kumpoto kwa mzinda wa Blantyre, pomwe msewu waukulu wa M1 wochokera ku Lunzu umakumana ndi wopita ku bwalo la ndege la Chileka. Blantyre ndi Limbe zinaphatikizidwa mu 1956, ndipo mu 1966 Blantyre inakhala mzinda. Makomboni monga Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni atakula, anthu ogwira ntchito m'tauni ankadalira mabasi akuluakulu a United Transport Malawi. Kampani ya Stagecoach inagula mabasiwo mu 1989, kenaka anadzatchedwa Shire Bus Lines, yomwe pambuyo pake inagwa.

Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, maminibasi a anthu wamba anachuluka, eni ake n'kumayankhula kudzera m'bungwe la Minibus Owners Association of Malawi. Lero njinga zamoto za kabaza ndizo zikufikitsa anthu m'makwalala a ku Machinjiri komwe minibasi salowa.

Udindo wosamala misewu ndi wogawana. Malamulo a 2006 anakhazikitsa Roads Authority, yoyang'anira misewu ikuluikulu, ndi Roads Fund Administration, yosunga ndalama za msonkho wa pa mafuta a galimoto. Khonsolo ya mzinda imakonza misewu ya m'makomboni, ngalande ndi magetsi a mumsewu, komanso imagawa malo okwerera. Ziphaso za madalaivala ndi za magalimoto onyamula anthu zimaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za pamsewu.