Chitetezo Chimene Malungo Amasiya M'magazi

Ku Magaleta m'boma la Neno, monganso m'midzi yambiri ya m'Malaŵi, makolo adaona kalekale kuti malungo amalusa kwambiri pa makanda pamene akuluakulu ambiri amangomva kuphwanya m'thupi nadzuka. Lero tifufuze mbiri ya chinsinsi chimenechi.

M'chaka cha 1862, Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Azungu ankafa chotero pakati pa eni dziko amene ankalima ndi kupalasa mabwato m'chigwa chomwecho, koma panalibe wodziŵa chifukwa chake. Kenaka mu 1880 Alphonse Laveran adapeza tizirombo ta malungo m'magazi, ndipo mu 1897 Ronald Ross adatipeza m'mimba mwa udzudzu. Mu 1900 Robert Koch, ali ku New Guinea, adaona kuti tiziromboti timachuluka mwa ana, koma timachepa munthu akamakula.

Umboni weniweni udadza mu 1961 ku Gambia. Sydney Cohen, Ian McGregor ndi mnzawo adatenga m'magazi a akuluakulu timadzi tina timene thupi limapanga pomenyana ndi matenda, timene timatchedwa asilikali a m'magazi, napatsa ana odwala malungo. Tizirombo tidachepa, ana natsitsimuka.

Choncho chitetezo cha munthu wamkulu ndi malipiro a malungo ambiri amene adapulumuka ali mwana, ndipo amene sadapulumuke ali kumanda. Khanda limabadwa ndi asilikali olandira kwa mayi ake, koma amatha pakapita miyezi yoŵerengeka. Mayi woyembekezera chitetezo chake chimafooka. Munthu amene wakhala zaka zambiri ku Johannesburg, kopanda malungo, amabwerera kumudzi chitetezocho chitazilala. Ndiponso wamkulu wooneka wathanzi angathe kusunga tizirombo m'magazi, udzudzu nkutitengera kwa mwana wake.

Pa 23 Epulo 2019, Malaŵi adakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana m'zipatala zake. Katemerayu amaphunzitsa thupi kupanga asilikali mwana asanalumidwe, koma sateteza kotheratu. Nchifukwa chake, inu a ku Magaleta, a ku Lisungwi ndi a ku Matope, gonekani ana m'masikito, ndipo mwana akatentha thupi thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.