Pepala lojambulapo ndi utoto wamadzi

Pepala lojambulapo ndi utoto wamadzi ndi mtundu wa pepala lokhuthala lomwe limapangidwa kuti lizipirira madzi osang'ambika. Utoto wamadzi ndi wopyapyala ndipo kuyera kwa pepala kumaonekera pansi pake, choncho pepala losayenera limawononga chithunzi ngakhale wojambulayo ali waluso.

Kulemera

Kulemera kwa pepala kumayezedwa m'magalamu pa sikweya mita imodzi. Mapepala a utoto wamadzi odziwika ndi a magalamu 190, 300 ndi 640. Pepala la A4 losindikizira makalata nthawi zambiri limakhala la magalamu 80, ndipo likanyowa limakwinyika, utoto n'kudikha m'makwinyamo. Ophunzira amalangizidwa kuyambira pa magalamu 300.

Zopangira

Mapepala apamwamba amapangidwa ndi ulusi wa thonje, womwe ndi wautali komanso wolimba. Otsika mtengo amapangidwa ndi phala la mitengo ndipo amanyotsoka akakhulidwa ndi burashi kangapo. Opanga amathira jelatini kapena mankhwala ena kuti pepala lisamwe utoto mwamsanga. Pepala lokhala ndi asidi limasanduka lachikasu pakapita zaka.

Mawonekedwe a pamwamba

Pali mitundu itatu. Pepala losalala, lotchedwa hot-pressed, limadutsa m'zitsulo zotentha ndipo limayenera zithunzi za mizere ing'onoing'ono monga masamba ndi nkhope. La cold-pressed ndi lokhakhala pang'ono ndipo ndi lomwe ambiri amagwiritsa ntchito. Lokhakhala kwambiri limasiya timadontho toyera burashi ikadutsa, zomwe zimathandiza pojambula miyala ndi madzi.

Mbiri

Tauni ya Fabriano ku Italy yakhala ikupanga mapepala kuyambira zaka za m'ma 1200, ndipo fakitale ya Arches ku France inayamba mu 1492. M'zaka za m'ma 1750, James Whatman wa ku England anayamba kupanga pepala lopanda mizere ya chikombole, lomwe ojambula analikonda.

Ku Malawi

Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anakhazikitsa Kungoni Centre ku Mua mu 1976, anajambula zithunzi zambiri za Gule Wamkulu ndi utoto wamadzi. Ku Blantyre, bungwe la PAMET ladziwika popanga mapepala pamanja kuchokera ku mapepala otha ntchito ndi ulusi wa zomera monga nthochi. Mapepala opangidwa pamanja opanda jelatini amamwa madzi msanga, ndiye amafunika kuyesedwa kaye pakachidutswa.

M'malo a malonda a kumidzi monga Milepa m'boma la Chiradzulu, mapepala opezeka msanga ndi a makope ndi a A4. Pepala lopyapyala lojambulapo likhoza kuwongoledwa: amalinyowetsa, kuliyala pathabwa, kulimata m'mbali zonse zinayi ndi tepi ya pepala, n'kudikira kuti liume asanayambe kujambula. M'nyengo ya dzinja mapepala amasungidwa pamalo ouma, chifukwa chinyontho chimabweretsa nkhungu.